Dzina Lokana Kufufutika

"Ntchito yatha, mayi! Dzina lanu ndikulifufuta pompano," anakalipa bwana, n'kudina batani pakompyuta.

Dzinalo silinasunthe pamndandanda wa antchito.

Mayi wokonza mapulogalamuyo anangopinda manja. Vutoli analinena kalekale, kuti munthu akasintha kanthu, mndandanda umangoonetsabe zakale. Atapempha nthawi yolikonza, bwana anati n'zaulesi. Lero makasitomala atadandaula, mlandu unagwera iye.

Bwana anadinanso, n'kudinanso, thukuta lili kamukamu.

"Mwangoima bwanji? Konzani ichi!"

"Ndikonze kuti mundifufute bwino? Ayi bwana, nkhuku siinola mpeni woiphera. Koma lekani kudinako. Apa sizikuoneka, koma kuseriko mayina akufufutika limodzilimodzi, kutsikira kumene kuli lanu."

"Musandiphunzitse ntchito inu!" Anadinanso mwadala, maso ali pa mayiyo.

Mayiyo anakoleka chikwama paphewa. Podutsa anawerama, n'kutseka tsamba la mndandandalo pakompyutapo, n'kulitsegulanso.

"Tsalani bwino, bwana."

Mndandanda sunabwerenso. Pakompyuta ya bwanayo panangotuluka mawu akuti: "Pepani, simuli m'gulu la antchito athu. Kaonaneni ndi bwana wanu."