Sukulu Yopanda Denga

Gilang anali pa mlatho wakale ku Heidelberg, mzinda wa ku Jeremani, pamene mayi ake anaimba foni yoonana kuchokera ku Indonesia.

M'mawa womwewo anamva kuti walepheranso mayeso, kachitatu. Ku Jeremani ukatero basi, palibe yunivesite ingakulandirenso pa maphunziro omwewo.

"Iwe, dzana unali ku Köln, lero kwinanso! Umawerenga nthawi yanji?" mayi anaseka. "Tatembenuza foniyo, azakhali ako aoneko."

Anatembenuza. Paphiri panaoneka nyumba yachifumu yakalekale, yogumuka mbali imodzi.

"Koma ndiye yaikulutu!" anafuula azakhaliwo. "Sukulu yako ija ndi imeneyo?"

Gilang anayang'ana mazenera opanda magalasi, mitambo ikuonekera mkati, denga kulibe.

"Eya, azakhali. Ndi yomweyo."