Dzina la ku Ulaya

"Nanga mayi akukugwira jekete uyu ndani?" anafunsa m'Chipwitikizi mzungu wa kampani ya thonje.

Inácio anacheuka. Zaka zisanu anazithera ku univesidade ya ku Porto, ku Ulaya, kuphunzira uinjiniya wa mankhwala. Ankagona m'kachipinda kozizira, ankayenda wapansi anzake akukwera sitima zam'misewu, ndipo asidi anamusupula zala. Tsopano ntchito yoyang'anira mankhwala a thonje inali m'manja, koma mzunguyo ankafuna munthu amene anasiyiratu zakumudzi.

Mayi ake, a Feliciana, anali atayenda wapansi kuchokera ku Mualadzi kudzamuchingamira pa Chifunde, mapazi ali mbuu.

"Ndi kiriyada wathu wakale," anayankha Inácio, kutanthauza wantchito wam'nyumba. Mzunguyo anamuuza kuti ayambe Lolemba.

Atatuluka mu ofesi ya mzunguyo, a Feliciana anamukoka dzanja Inácio. "Mwananga, wanditchula chiyani paja kwa bwana?"

"Ndi mawu aulemu, amayi. Kuja azimayi olemekezeka amawaitana choncho."

Lamulungu, Misa itatha, Inácio anawapeza panja pa tchalitchi atazunguliridwa ndi anzawo.

"Musamanditchulenso make Inácio," ankatero monyadira. "Mwana wanga wandipatsa dzina la ku Ulaya pamaso pa mzungu. Ine tsopano ndine Kiriyada!"

Mphunzitsi wa pamishoni, yemwe ankadziwa Chipwitikizi, anamuyang'ana Inácio osaphethira.

"Inácio, tabwera kuno," anaitana mayi ake. "Awa akuti ndikunama. Auze wekha."

Inácio anavula chipewa, maso ali pansi.

"Ndi zoona, amayi."