Kabati Yokiya

Mlamu wanga anali gone pakhonde la holo ya m'dera lathu, milomo ili bii, akupuma mwa apo ndi apo. Anali atamwanso mopyola muyezo mapilisi opha ululu omwe anawazolowera atathyoka msana.

Mankhwala opopera m'mphuno, otsitsimutsa munthu wotere, ndinkawaona m'kabati yagalasi m'holomo. Kiyi anali ndi wapampando wa komiti yathu yoyang'anira mankhwalawo.

"Apampando, tsegulani."

"Aphunzitsi, tinagwirizana. Wofuna mankhwala asaine yekha fomu, kuopa ena angamatengerepo mwayi."

"Asaine ndi dzanja liti?"

Anangokonza tayi.

Chimwalirireni mkazi wanga sindinakwezepo mawu kwa munthu, ndipo tsikulo sindinakweze. Ndinavula nsapato n'kuphwanya galasilo.

Mlamu atakoka mpweya waukulu, apampando anali akudandaulabe za galasi.