Aboma Akadzagogoda

Tiyi anali atazizira m'kapu, koma Akuzike anali asananenebe chimene chinamudzutsa ku Indianapolis Loweruka limenelo. Azakhali ake, a Joan, anali pampando wawo wa pazenera loyang'ana kumsewu. Ankamufunsa za ntchito ya kuchipatala, za kutchalitchi, ndiponso ngati msewu unali woterera ndi chipale. Iye ankangogwedeza mutu ngati gulo.

Nyumbayo inali ya Akuzike. Anaigula adakali namwino kuno ku South Bend, ndipo aboma anamuchepetsera msonkho wa nyumba chifukwa ankagona momwemo. Lamulo lake ndi losavuta: mwininyumba azikhala m'nyumbamo. Atapeza ntchito yonona ku Indianapolis anasamuka, n'kukachita lendi kumeneko, koma aboma sanawauze. Ndani amalavula nyama ili kale m'kamwa? M'nyumbamo anasiyamo azakhali kuti azikhala ulere. Tsiku losamukalo, ali kale m'galimoto, anatulutsa mutu pazenera.

"Anti, aboma akadzagogoda mudzawauze kuti mwininyumba ali kuntchito. Akadzapeza mulibe munthu, ine ndamangidwa basi!"

Anaseka, n'kuliza galimoto. Pofika pamalo omwetsera mafuta anali ataiwala kale.

Zaka zinadutsa, ndipo aboma sanagogode. Tsopano Akuzike anali atapeza nyumba ya kumtima kwake ku Lawrence, pafupi ndi Indianapolis, ya khonde lalikulu ndi mtengo pabwalo. Melissa, ejenti wogulitsa nyumba, sanamubisire mawu. Msonkho amachepetsa pa nyumba imodzi yokha, imene ukugonamo. Ya ku South Bend msonkho wake ukanakwera, ndipo nyumba ziwiri sakanazitha. Wogula nyumba ya ku South Bend anapezeka msanga. Akuzike anasayina, ndipo kuchokera tsiku limenelo chakudya chinasiya kumukomera.

Chimene chinkamudya mtima chinali chakuti mayi ameneyu ndi amene anamulandira pabwalo la ndege, iye atafika ndi kajuzi kopyapyala, mano akugundana ndi kuzizira. Anamuveka jekete lawo. Anamupatsa bedi, iwo n'kumagona pansi mpaka mtsikanayo anamaliza sukulu ya unamwino. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Lero mwana wa mchimwene wawo yemweyo anabwera kudzawatulutsa m'nyumba, pakati pa nyengo yozizira.

Adzapita kuti? Azakhali sanali munthu woyendayenda. Kuntchito yawo yosamalira okalamba anapempha mashifiti a usiku okhaokha, ndipo masana onse ankakhala pampando umenewo. Akaitanidwa ku Indianapolis, ngakhale pa Khirisimasi, yankho linali limodzi: "Ndisiye, mwanangu, ndili bwino konkuno." Akuzike ankaona kuti nyumbayi inali itasanduka mudzi wawo.

Panalinso bala lina. Chaka chatha amuna a azakhali, a Alufeyo, anadwala ku Balaka mpaka kutsikira kulichete. Azakhali sanapite kukadwazika, ndipo kumaliro sanapitenso. Mwambo wonse anaonera pafoni, pampando womwewo, misozi ili chuchuchu. Mapepala awo oyendera anali abwinobwino, choncho Akuzike sanavutike n'kufunsa. Ankadziwa kuti vuto linali tikiti. Iye akanatha kuwagulira, koma nthawi imeneyo n'kuti akusungira nyumba yatsopano. Anangotumiza chipepeso ndi vesi la m'Baibulo. Manyazi a zimenezo anali asanamuchoke mpaka lero.

Anayang'ana m'chipindamo ngati akutsanzika. Chithunzi cha zidzukulu zimene azakhali anali asanazinyamulepo chinali pakhoma. Pakona panali chikwama chachikulu chofunditsidwa chitenje, chimene kwa miyezi yambiri chinkagwira ntchito ya katebulo. Zonsezi akaziika kuti?

"Ukungounguza, tiyi sukumwa," anatero azakhali. "Kodi wabwera ndi nkhani ya mwamuna?"

Akuzike anatsika pampando n'kugwada pakapeti. Mawu onse okoma amene anakonza m'njira anamuthawa.

"Anti, ndakulakwirani. Nyumba ino ndagulitsa."

Azakhali anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Akuzike anazyolika, kudikira mawu amene anamuyenera: wosayamika, mwana woiwala kumene anachokera.

"Wagulitsa? Kwathunthu?"

"Eya, Anti. Koma ndikupezerani malo, ndikulonjeza. Mukhoza kubwera ku Lawrence, chipinda chilipo, sindingakusiyeni pa..."

"Taima kaye. Ndiye kuti dzina lako lachoka panyumba pano? Aboma aja sadzabweranso?"

"Aboma ati, Anti?"

Azakhali anadzuka, n'kupita pakona paja. Anachotsa maluwa apulasitiki, anakoka chitenje, ndipo chikwama chinaonekera chili chotupa, zipi yake ili pafupi kuphulika. Anachisisita ngati mwana, nkhope yawo itawala kuposa mmene Akuzike anaionerapo.

"Ambuye alemekezeke! Chikwamachi ndinalongedza tsiku limene anandiimbira kuti ankolo ako agonekedwa m'chipatala, tikiti ndinali nditagula kale. Koma ndinati ndikapita, iwo n'kugogoda n'kupeza mulibe munthu, mwana wa achimwene anga akagona kundende. Dzuka, mwanangu, wandimasula. Tsopano ndipite ndikaone pamene anawagoneka."