Bedi Loyezera Khansa la pa Esiteti

Lachiwiri, pa 11 Malichi 2025, a Marita Lackson, a zaka 54, anakomoka m'munda wa tiyi dengu lili kumsana, chitenje chili magazi okhaokha. Anawagoneka kuchipatala cha paboma.

Lachisanu mwana wawo Sellah analowa m'kiliniki ya pa esiteti osaodira. Anadutsa mzere wa amayi a sikelo ngati sakuwaona.

Nkhani yake onse okhala m'malaini a antchito ankaidziwa, ndipo a Marita ankaifotokoza mosasintha liwu. Zaka ziwiri zapitazo, pa tsiku loyeza khansa ya khomo la chiberekero, namwino anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwauza kuti bedi loyezera ndi limodzi lokha, akakwerapo lithyoka, akayambe achepetsa thupi. Anabwerako akulira, nalumbira kuti sadzapondakonso. Anzawo a matupi aakulu atamva, nawonso anasiya kupita.

Sellah anapeza namwino yemweyo, a Rachel Dixon, akusamba m'manja. Sanawapatse moni. Anawakumbutsa kuti amayi ake athyola tiyi pa esitetiyi zaka 31, kulembedwa sizoni ndi sizoni, ndipo palibe tsiku limene munthu anadandaula kuti dengu lawo lalemera.

"Masamba akalemera mumaomba m'manja. Munthu akalemera mumamubweza pakhomo ngati mbuzi. Akafa amayi anga, mwawapha ndinu, asisitala."

Namwino anapukuta manja, n'kufunsa mwezi umene zinachitika. Sellah anati unali Febuluwale, mvula ili pakati. Namwino anatsitsa kaundula wa 2023 pashelefu, natsegula tsamba la pa 7 Febuluwale, n'kumutembenuzira.

"Werengani nokha, achemwali."

Dzina la amayi ake linali pa nambala 16. Anayezedwa. Anapezeka ndi chilonda chokayikitsa. Anauzidwa kuti akaonekere paboma pasanathe milungu iwiri.

"Bedi linawanyamula bwinobwino," anatero namwino. "Kalata yopita nayo paboma ndiyo anaikana. Anati ndi nyengo ya masamba, wa sizoni akajomba sabata akapitawo amalemba wina. Anandipempha kuti ana asamve."

Kanyama kamene madokotala anadula pa chilonda cha a Marita Lachitatu kali ku Blantyre kokapimidwa. Zotsatira sizinabwere.