Buku la Mwango ndi Vitumbuwa vya ba Enos

"Mwana wanu akali na buku yathu," anatero ba Enos, woyang'anira laibulale ya pa tchalitchi, maso ali pa kompyuta. "Miyezi itatu manje."

Amake Mwango anatula beseni la vitumbuwa pa tebulo. Anasiya malo awo pa msika wa Mtendere, makasitomala n'kumagula kwa ena, chifukwa cha bambo ameneyu. Mwango akuphunzira unesi. Lachisanu ayenera kupereka kafukufuku wake, koma ba Enos amuletsa kufufuza mabuku pa kompyuta mpaka abweze buku la matenda a ana.

"Anabweza. Anaika mu katoni ya pa chitseko."

Pa chitseko panalibe katoni.

"Amai, kompyuta siinama." Anafufuza ndi dzina la buku, anafufuza ndi la wolemba, anafufuzanso ndi nambala ya pa shelefu. Kenaka anawatembenuzira kompyuta ija. Pa dzina la Mwango panali mzere wofiira. Amake Mwango kuwerenga sadziwa, koma chofiira amachidziwa.

"Fulumirani, vitumbuwa vizizira."

Ba Enos anatambasula dzanja, monga amachitira tsiku lililonse. Amake Mwango anawakulungira viwiri m'pepala, ndalama osafunsa. Atangoluma kamodzi, ba Enos anaima kutafuna. Pa pepala lamafutalo panali chithunzi cha mwana wodwala chikuku. Pakona pake, chidindo cha laibulale.

"Ehe! Ni buku yamene iyi!" Onse owerenga anadzutsa mitu. "Mukulungira vitumbuwa mu buku ya laibulale?"

"Kuchokera mu Meyi. Mapepala yabwino maningi, yakumwa mafuta."

"Ndiye mukamba chabe, kulibe na nsoni! Mugule ina, apo ayi Mwango asapondemo muno."

"Sinigula." Amake Mwango anavundikira beseni ndi chitenje, osathamanga. "Katoni ija ya pa chitseko munaipeleka kuti, ba Enos? Si imwe munanisenzesa mweka pamutu? Ati ni vinyalala, vonse vinangena mu kompyuta, nizikupasani chabe vitumbuwa viwiri siku iliyonse?"

Ba Enos anatembenukira ku kompyuta. Mzere wofiira uja unachoka chitumbuwa chisanatsike pakhosi pa ba Enos.