Magalasi a Nangondo

Khomo lililonse linkalandira magalasi amodzi ophunzirira umakaniko, ndipo ankagwira ntchito m'maso mwa munthu mmodzi yekha. Kwa a Lufeyo, mwayi unagwera mkazi wawo, Nangondo.

M'mawa uliwonse Nangondo ankakhala pamkeka atavala magalasiwo, manja ali m'malere kumasula injini ya ndege yosaoneka, uku akuseka ndi mphunzitsi wakutali. A Lufeyo, omwe anamerera imvi akukonza njinga zamoto, ankasenda chinangwa mtima ukuwawa. Tsiku lina mkazi wawo ali kubafa anayesa kuvala magalasiwo, koma anangoona mdima.

"Kodi mwamuna amakuseketsaniyu ndani?" anafunsa pambuyo pake.

"Ndi makina, bambo a Tiyese. Mwayamba kuchitira nsanje makina?"

Loweruka ndege yonyamula mankhwala inatera pabwalo la sukulu ikufuka utsi. Namwino anafika pakhomopo ali wefuwefu.

"Odi! Amakaniko alipo?"

A Lufeyo anadzambatuka n'kupukuta manja. Namwinoyo anawapatsa moni mwaulemu n'kuwalambalala.

Nangondo anamanga chitenje m'chiuno. "Tiyeni mukandigwirireko masipanala."

"Ndili ndi ndiwo pamoto," anayankha a Lufeyo, chonsecho moto anali asanakoleze.